Bodi ya galimoto yothamanga yopangira pakhomo: faiba kapena aluminiyamu, ndipo tiyambire pati?

Mphwanu_Chelstone
Akuluakulu, funso langa ndi lalitali pang'ono, mundipirire. Chassis yatha: mapaipi a sikweya a 25 x 25 x 1.6 mm, mipando iwiri, injini ya 3S-GE ndi giyabokosi zochokera mu Altezza, matayala a 205/50 R16. Yaima pa mawilo ake ndipo chiwongolero chikutembenuka. Chatsala ndi bodi. Ndikufuna mphuno yaitali yotsika, mamadigadi olumikizana ndi bodi, yopanda denga. Ndili ndi mabuloko a foam yoyera ija ya m'makatoni a mafiriji. Maganizo anga ndi oti ndiimate pa chassis, ndiiseme, kenako ndiike faiba pamwamba. Njira imeneyi ili bwino? Mat, nsalu ya ulusi wa faiba ija, ndi resin zingafunike zochuluka bwanji? Kapena ndingopita ku aluminiyamu?

Wafaiba_Chinika
Mphwanga, imani kaye. Foam yoyerayo musaiyandikize ku resin. Ndi polystyrene, ndipo resin ya polyester, imene anthu ambiri timagwiritsa ntchito, ili ndi styrene mkati. Mukangopaka, foam imasungunuka inu mukuona, pamatsala dzenje ndi zonanda. Fila ya owongola magalimoto nayonso ndi polyester, imachita chimodzimodzi.

Yoyenera ndi ya polyurethane, yachikasu ija ya m'mapanelo a ma cold room. Resin siidya, ndipo imasemeka bwino ndi sowo ndi sandipepa ya 40. Ngati thumba likukukakamizani kugwiritsa ntchito yoyerayo, muitseke kaye: pakani guluu woyera wa matabwa katatu, kudikira kuti aume nthawi iliyonse, kapena muimate pulasitala wopyapyala wa gypsum. Kabowo kamodzi kosatsekeka ndi kokwanira kuti resin ilowe n'kudya pansi pa chikopa. Epoxy siidya polystyrene, koma mtengo wake ndi wina. Chilichonse mungasankhe, yesani pa kachidutswa.

Amalume_Matero
A Chinika anena zoona, koma ine nkhani ya foam ndiiika pambuyo. Magalimoto ambiri opangira pakhomo amaipa chifukwa mwini wake wasema bodi yokongola, kenako n'kupeza kuti tayala likukhula madigadi kapena boneti ikukana kutseka pamwamba pa injini. Ndiye amayamba kudula ndi kumata zotupa. Zinthu zosasuntha ziyambe zakhala pamalo pake, bodi ibwere kudzazivala.

Yambani ndi matayala. Chotsani masipuling'i pa mashoko, ikani chassis pa zitsa pa msinkhu umene idzayendere. Matani foam yokhuthala 25 mm kuzungulira tayala ndi tepi. Kwezani wilo ndi jeke mpaka shoko itagunda pa rabala yake, kenako tembenuzani chiwongolero mbali zonse mpaka pothera. Malo onse amene tayala lovekedwalo likudutsa ndi oletsedwa, bodi isalowemo. Tayala lanu ndi lalitali pafupifupi 611 mm, koma likamakhota ndi kukwera nthawi imodzi limafuna malo ambiri kuposa mmene maso amaganizira, makamaka kumbuyo kwa madigadi akutsogolo, kumene kuli mapazi a woyendetsa.

Kenako injini. 3S-GE ndi yaitali msinkhu. Ikani kachidutswa ka foam ka 20 mm pamwamba pa chivundikiro chake ndi pa manifold, chifukwa injini imapendekeka pa ma mounting ake mukaponda mafuta. Mzere wa boneti uyambire pamenepo. Mphuno yotsika mukuifunayo idzatsika mpaka pamene injini yalola, basi.

Khalaninso pa mpando mutavala chipewa cha njinga yamoto, mnzanu akoke chingwe kuchokera pamwamba pa roll bar kufika pa chitsulo cholimba chakutsogolo kwa chassis. Mutu ukhale pansi pa chingwecho ndi 50 mm kapena kuposa.

Galasi lakutsogolo ndi nyali mugule musanajambule chilichonse. Galasi lopindika simungalipangitse mwa kufuna kwanu pa mtengo umene munthu angakwanitse. Pezani la laminated la galimoto ina yaing'ono, kapena mudulitse lafulati la laminated. La toughened, lija la m'zitseko, silidulika, limangophulika tizidutswa. Bodi imangidwe mozungulira galasi limene lili kale m'manja.

Injiniya_Woodlands
Ndiwonjezere pa za amalume, nkhani ya mpweya, poti anthu amajambula khomo la kumphuno pongoona kukongola. Lusaka ili pa mamita pafupifupi 1,280 kuchokera pa nyanja ya mchere. Mpweya wathu ndi wopepuka ndi pafupifupi 12 peresenti poyerekeza ndi wa ku Durban kapena ku Dar es Salaam, choncho umanyamula kutentha kochepa ukamadutsa mu radiyeta. Onjezanipo dzuwa la Okutobala ndi mdipiti wa magalimoto pa Great East Road madzulo. Magalimoto a ku England amene mumaona pa zithunzi ali ndi timakomo ting'onoting'ono chifukwa kwawo n'kozizira ndiponso n'kotsika.

Komabe yankho si khomo lalikulu. Khomo lokwana pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a nkhope ya radiyeta limakwanira, bola mpweya wonse wolowa ukakamizidwe kudutsa mu radiyetamo. Pangani ngalande ya aluminiyamu yopyapyala kuchokera pa khomo kufika pa radiyeta, yokula pang'onopang'ono, m'mbali mutseke ndi rabala ya siponji. Mpata wolowa chala m'mbali mwa radiyeta ndi wokwanira kuti mpweya wambiri uzilambalala.

Cholowa chiyeneranso kutuluka. Potulukira pakhale pokulirapo kuposa polowera, pamwamba pa boneti kuseri kwa radiyeta kapena m'mbali kuseri kwa matayala. Musaboole potulukira m'munsi mwenimweni mwa galasi lakutsogolo, chifukwa pamenepo mpweya wakunja umapanikizana ndipo umalowa m'malo motuluka. Mpweya ukasowa njira umadzazana pansi pa boneti, injini imatentha, ndipo pa liwiro mphuno imapepuka, chiwongolero n'kumamveka chopanda kanthu m'manja.

Za mahampu, ine sindingatsike pansi pa 140 mm pakati pa galimoto. Tengani thabwa lafulati, ligunditseni patsinde pa tayala lakutsogolo, likwezeni mpaka likhudze pamene padzathere mphuno. Ngodya imeneyo ikachepera madigiri 12, chibwano cha galimoto chidzatha ndi mahampu ndi zipata za m'mayadi. Chigawo cha pansi cha mphuno chikhale chachokha, cha mabawuti, kuti chikasweka muzisintha icho chokha.

Mphwanu_Chelstone
Zikomo kwambiri amalume, zikomo a Woodlands. Foam yoyera ndaiika pambali. Chondiopsa china ndi ichi: ndingatani kuti kumanzere ndi kumanja kufanane? Ndi maso okha ndikudziwa kuti sizingatheke.

Kalipentala_Kalingalinga
Achimwene, kufanana kwa mbali ziwiri kumachokera pa matabwa, osati pa maso. Koma yambani ndi kagalimoto kakang'ono ka 1:5, ka dongo kapena foam, kokhala pa mawilo odula pa thabwa pa muyeso womwewo. Semani theka lokha, muligunditse pa kalilole, mudzaona galimoto yonse. Muzikayang'ana mutatsitsa maso pa msinkhu umene munthu woima pa msewu angaionere, osati kuchokera pamwamba. Kusintha mzere pa kagalimoto ndi ntchito ya mphindi khumi, pa chachikulu ndi sabata.

Mukakhutira, lembani mizere yopingasa pa kagalimotoko, tengani maonekedwe a mzere uliwonse ndi katoni, muwakulitse kasanu. Zimenezo ndizo nthiti zanu. Pa galimoto yeniyeni zitalikirane 150 mm pamene bodi ikupindika kwambiri, monga pa mphuno ndi pa mamadigadi, ndi 250 mm m'mbali mowongoka. MDF ya 12 mm ikwana. Chinsinsi chake n'chakuti mumange matabwa awiri pamodzi ndi masikuluwu, mudule onse awiri kamodzi ndi jigsaw, musalaze m'mphepete akadali omangana, kenako muwapatule, lina kumanzere lina kumanja. Dulani 4 mm mkati mwa mzere kusiyira malo a faiba ndi fila.

Pa simenti jambulani mzere wapakati ndi mizere ya ma axle, chassis ikhale pa levulo mbali zonse, ndipo m'malo mwa mashoko muike zitsulo zowongoka kuti msinkhu usasinthe katundu akamachuluka. Nthiti iliyonse muziyeza kuchokera pa mzere wapansiwo ndi chingwe cholendewera, osati kuchokera pa nthiti inzake, chifukwa kulakwa kwa mamilimita awiri kumanka kuwunjikana.

Musanaike foam, tengani kathabwa kowonda, 8 x 8 mm, kotalika mamita awiri, kopanda mfundo. Kagonekeni pa nthiti motsata utali wa galimoto. Kakhudze nthiti zonse mosakakamiza. Nthiti imene ikukakankhira kunja kapena imene ikusiya mpata ndi yolakwa, ikonzeni pomwepo. Kenako pakani penti yakuda m'mphepete mwa nthiti zonse, dzazani foam pakati yotumphukira kunja pang'ono, ndipo musemeni mpaka mzere wakuda uyambe kuoneka. Guluu asafike pafupi ndi pamwamba, ndi wolimba kuposa foam, ndiye mukamakhula amatsala ngati msana.

MDF imadana ndi chinyezi. Ngati mukugwirira pa shedi yotsegula m'nyengo ya mvula, tengani plywood, apo ayi nthiti zidzafufuma n'kuonekera pa fila.

Wanyundo_Garden
Ine ndiima pa aluminiyamu, ndipo ndinena chifukwa. Njira ya faiba ndi kupanga galimoto katatu: chifanizo chosema pa foam, chikombole chokopera pa chifanizocho, kenako bodi yotuluka m'chikombolemo. Ziwiri zoyambazo siziyenda pa msewu. Lotus Seven ya Colin Chapman, imene inatuluka mu 1957, ndiyo kholo la chassis ngati yanuyi, ndipo mbali zake ndi malata a aluminiyamu opindidwa njira imodzi yokha. Boneti yotero mumaipinda pa paipi yaikulu ndi manja, tsiku limodzi yatha.

Onani kulemera. Aluminiyamu ya 1.2 mm imalemera 3.2 kg pa sikweya mita. Faiba ya mizere itatu ya mat ya 450 (magalamu 450 pa sikweya mita) pamodzi ndi gelcoat, resin ya mtundu yokhala kunja kwa bodi, imafika pa 5 kg. Ndipo aluminiyamu siopa kutentha kwa ekizozi.

Mugule yofewa, 1050 kapena 3003 ya H14. Ya mawangamawanga ija ya pansi pa mabasi, ndi 6061 ya T6, musayese kuzisula, zimang'ambika. Popanga zobulungira pamafunika chitsa cha mtengo wolimba chogobedwa pakati, thumba lachikopa la mchenga, ndi nyundo yamtengo yobulungira mutu. Pakati mumatambasula pomenya, m'mphepete mumafinya popanga makwinya n'kuwaphwanyira mkati. Chitsulo chikayamba kuuma ndi kukana, chifewetseni: pakani sopo wa mtanda, otchani ndi lawi mofatsa mpaka sopo ade, chisiyeni chizizire. Mukapitirira pamenepo mudzaboola, chifukwa aluminiyamu sifiira isanasungunuke.

Wafaiba_Chinika
Bambo a ku Garden, pa kulemera sinditsutsa, ndipo pansi pa galimoto, m'mbali mwa mapazi ndi khoma la pakati pa injini ndi anthu ziyenera kukhala zachitsulo kapena aluminiyamu, faiba imayaka. Koma werengani zimene mnyamatayu akufuna: mamadigadi olumikizana ndi bodi. Kumeneko n'kupindika mbali ziwiri paliponse, zidutswa zambiri zoti ziwotchereredwe ndi TIG kapena gasi, ndiponso English wheel yosalazira. Munthu woyamba kumene angathe chaka asanatulutse madigadi awiri ofanana. Ngakhale Seven yomweyo, m'mitundu yotsatira mphuno ndi mamadigadi zinakhala za faiba.

Wanyundo_Garden
Pamenepo ndavomera. Ndiye asankhe: akasintha maonekedwe n'kupita ku mbali zafulati, aluminiyamu. Akaumirira zobulungira, faiba kunja, aluminiyamu mkati. Pomanga aluminiyamu pa chassis, mapaipi ayambe apakidwa penti, pakati muike sealant ya polyurethane, mariveti a 4 mm pa 50 mm iliyonse. Aluminiyamu ikagundana ndi chitsulo chosapenta, madzi a mvula n'kulowapo, imadyeka n'kusanduka ufa woyera mozungulira riveti.

Mayi_waPenti_Kabwata
Mwana wanga, mverani apa, chifukwa apa ndi pamene galimoto imakongolera kapena kuipira. Chikombole sichikonza kanthu, chimangokopera. Kadzenje kalikonse kamene mwasiya pa chifanizo kadzabwera pa chikombole, kenako pa bodi, ndipo penti yonyezimira idzakaonetsa kwa aliyense.

Foam ikasemedwa, ikani mzere umodzi wa mat ya 300 kuti pakhale chikopa cholimba, chifukwa fila pa foam yokha imabonyoka mukamakhula. Kenako fila yopyapyala paliponse, yopaka ndi chopalira chachitali. Sandipepa musaigwire ndi dzanja lokha, ndipo makina ozungulira aja muwasiye, amatsata mabampu m'malo mowadula. Dulani kathabwa kotalika 500 mm ka plywood ya 6 mm kuti kazipindika pang'ono, muikepo zogwirira ziwiri, mumatepo sandipepa ya 80. Muzikhula mopingasa, kupendekera uku kenako uko, osati malo amodzi kupita ndi kubwera.

Musanakhule, wazani penti yakuda pang'ono chabe, ngati fumbi. Mukadutsitsa kathabwako, pamene kuda kwatsalira ndi potsika, pamene faiba yatulukira ndi pokwera. Potsika onjezani fila, pokwera gogodani kapena dulani. Mudzabwereza zimenezi kambirimbiri, ndipo palibe njira yachidule. Musapite ku 120 kuda kwa 80 kusanathe, chifukwa sandipepa yosalala siwongola, imangonyezimiritsa mafunde. Madzulo zimitsani magetsi, walitsani tochi chogona m'mbali mwa bodi, ndipo yendetsani chikhatho mutaika kansalu kopyapyala pansi pake. Dzanja limamva zimene diso laphonya.

Ikawongoka, 120, 180, 240, kenako primer yokhuthala ya 2K, yosakaniza ndi mankhwala oumitsa. Muikhule ndi 400, kenako ndi madzi 600, 800, 1200, mupolishe. Primer ya 1K, yosasakaniza ndi choumitsa, ndi penti ya m'zitini zopopera musaike pomaliza, styrene ya gelcoat imazifewetsa ndipo chikombole chimakakamira. Muisiye sabata yathunthu iume bwino.

Chinanso pa kajambulidwe: pasakhale malo afulati enieni. Boneti ndi mbali zikhale ndi kamsana pang'ono mbali zonse ziwiri, ngakhale 10 mm pa mita. Faiba yafulati imaoneka ngati yalowa mkati, ndiponso imagwedera.

Mphwanu_Chelstone
Zamveka mayi. Koma funso kwa a Chinika: galimoto ndi imodzi yokha. Chikombole n'chofunikadi? Sindingangoika faiba yokwanira pa foam, n'kukumba foam mkati, chikopacho n'kukhala bodi?

Wafaiba_Chinika
Zimatheka, ndipo ndi zotchipa. Mtengo wake mumalipira kwina: kunja kumatuluka kokhakhala, ndiye fila yonse yowongolera imakhala pa galimoto mpaka kalekale. Imalemera, ndipo pa misewu ya mabampu fila yokhuthala kuposa 3 mm imayamba ming'alu. Ndipo tsiku limene mphuno idzagunde, mudzayambiranso pa foam. Ine ndingati mphuno, boneti ndi mamadigadi akutsogolo zikhale ndi chikombole, kumbuyo mungachite njira yanuyo ngati ndalama zathina.

Za chikombole tsono. Choyamba yang'anani mmene chidzachokere. Ndowa za pulasitiki zimatulukana mosavuta chifukwa kukamwa n'kotambalala kuposa pansi. Mbali iliyonse ya chifanizo ikhale yopendekera motero, madigiri awiri kapena atatu, kulozera kumene chikombole chidzakokedwere. Pamene bodi ikubwerera mkati, monga pansi pa madigadi, chikombole chigawidwe. Dulani pulasitiki ya zikwangwani ija, muiimike pa mzere wogawira ngati mpanda wa 75 mm, mpata wa pansi mutseke ndi plasticine, muikepo timabulungwa tingapo ta plasticine kuti zigawo ziwiri zizidzalumana pamalo pomwepo. Mukamaliza chigawo choyamba chotsani mpanda, pakani wax pa mlomo umene watsala, pangani chachiwiri. Mabowo a mabawuti a M8, pa 150 mm iliyonse, muboole zigawo zisanapatulidwe.

Wax ikhale yochotsera zikombole, yopanda silicone. Pakani kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, kupukuta nthawi iliyonse ndi kudikira ola. Pamwamba pake PVA yopyapyala, mankhwala amadzimadzi othandiza chikombole kuchoka, osati guluu wa matabwa uja. Pa chifanizo chatsopano musadumphe PVA.

Gelcoat ya chikombole ikhale ya mtundu wosiyana ndi wa bodi, kuti popaka ya bodi muziona pamene papyapyala. Kukhuthala kwake ndi theka la milimita, ndiye kuti magalamu 500 mpaka 600 pa sikweya mita, hardener, mankhwala oumitsa, 2 peresenti. Ikapyapyala siuma bwino, ndipo resin yobwera pamwamba imaikwinyitsa. Ikakhuthala imang'aluka. Yakonzeka pamene chala chikumata koma osatenga mtundu. M'makona akuthwa yambani mwadzaza phala la resin losakaniza ndi ulusi wa mat woduladula, chifukwa mat sipinda pa kona yakuthwa, imadumpha n'kusiya mphako pansi pa gelcoat, ndipo mphakoyo imadzabooka ndi chala. Kenako tissue, kansalu kopyapyala kwambiri ka faiba, kenako mat ya 300 mzere umodzi wokha, muusiye uume usiku wonse. Mzere woyambawu ndiwo wofunika kuposa yonse. Mat muzing'amba ndi manja m'malo modula ndi sizasi kuti polumikiza pasaoneke, zidutswa zipitirirane 40 mm. Burashi muzijoba nayo, osapaka ngati penti, kenako rola yachitsulo ya mizeremizere mpaka kuyera konse kutha. Poyera ndi pouma kapena pa mpweya.

Mawa lake mat ya 450, mizere iwiri pa tsiku, mpaka isanu ndi umodzi. Mukaunjika yonse tsiku limodzi imatentha, imakokana, chikombole chimapotoka. Pomaliza mangani fulemu ya matabwa kapena mapaipi kunja kwake chisanachoke pa chifanizo, chisiyeni masiku angapo. Pochotsa gwiritsani ntchito timphanda ta pulasitiki kapena ta mtengo, muthire madzi mumpata kuti PVA isungunuke. Sikuludiraiva ayi.

Masamu ake: mat ya 450 pa sikweya mita imamwa resin pafupifupi kilogalamu imodzi, ndipo imapereka kukhuthala kwa milimita imodzi. Tiyerekeze bodi yanu ndi masikweya mita 8. Mizere itatu ndi mat 11 kg, resin 25 kg, gelcoat 5 kg, bodi ya makilogalamu pafupifupi 40. Chikombole, ndi milomo yake, chitengeni ngati masikweya mita 10 a mizere isanu ndi umodzi: mat 27 kg, resin yoposa 60 kg, gelcoat 6 kg. Mwaona nokha kumene ndalama zikupita. Resin musagule yonse kamodzi, m'kutentha kwathu kuno imalimba m'chigubu pakapita miyezi yochepa.

Amalume_Matero
Ndipo hardener muziyeza ndi sirinji, osati ndi chitsekerero cha botolo. Pa kilogalamu ya resin, 10 ml ndi 1 peresenti, 20 ml ndi 2 peresenti. Kukatentha tsikirani ku 1, koma osapitirira pansi pake, resin idzakhala yofewa mpaka kalekale. Kukazizira musakwere kupitirira 2 kapena 2.5 pofuna kufulumizitsa, imatuluka yophweka kusweka. Mu Okutobala sakanizani theka la kilogalamu nthawi imodzi, m'chidebe chotambalala, m'mawa, pa mthunzi. Mu Juni ndi Julayi m'mawa kumazizira pansi pa madigiri 15, resin siuma bwino, dikirani dzuwa likwere. M'dzinja mat muisunge m'pulasitiki yomanga, ikamwa chinyezi imakana resin ndipo imatuluka yotuwa.

Mayi_waPenti_Kabwata
Pa hardener yomweyo ndinenepo mwamphamvu. Dzina lake ndi MEKP, ndipo ikadonthera m'diso ikhoza kulipha, valani magalasi otseka m'mbali ndipo madzi oyera akhale pafupi. Ngati mwagula resin imene accelerator ya cobalt, yofulumizitsa kuuma, imabwera payokha, isakanizeni mu resin kaye bwinobwino. Cobalt ndi MEKP zikakumana zokhazokha zimaphulika. Resin yotsala m'chidebe imatentha mpaka kufuka utsi, ituluke panja kutali ndi utuchi ndi nsanza za acetone. Mbaula ndi fodya zisapezeke m'shedimo. Kansalu kapamphuno sikatchinga fungo la styrene, pamafunika mask ya makatiriji a makala, ndipo 2K popopera ndi yoopsa kuposa pamenepo, chifukwa ili ndi isocyanate. Ana asamasewere pamene mukukhula faiba.

Injiniya_Woodlands
Pa bodi yeniyeni, zimene zimasweka msanga ndi pomangira. Faiba sikonda katundu pa kadontho kamodzi. Paliponse podutsa bawuti onjezani mizere iwiri kapena itatu ya mat, yokula mosiyana kuti kukhuthala kuzitha pang'onopang'ono. Bowo likhale lokulirapo ndi 2 mm kuposa bawuti, rabala pansi, wochapa wamkulu pamwamba, nati ya nyloc yomanga mosafinya. Chassis imapotoka pang'ono pa msewu, ndipo bodi yomangidwa gwa imayankha ndi ming'alu yotuluka pa bowo ngati ukonde wa kangaude. M'mphepete monse mukhale kamlomo kobwerera mkati ka 15 mpaka 20 mm, kamalimbitsa kuposa kuwonjezera mzere wonse wa mat. Pansi pa boneti gonekani timizere ta foam todulidwa theka, mutiphimbe ndi mat iwiri, koma pokhapokha boneti itauma tsiku limodzi kapena awiri, apo ayi timizereto tidzaonekera kunja.

Mkati mwa mamadigadi pakani underseal yokhuthala ya rabala kapena matani rabala yopyapyala. Miyala yoponyedwa ndi tayala pa misewu ya gravel imamenya mkati, gelcoat n'kung'aluka kunja ngati nyenyezi. Ekizozi italikire faiba 50 mm, pakati pakhale lata la aluminiyamu losagunda mbali zonse ziwiri. Polyester wamba imayamba kufewa pa madigiri 60 mpaka 80.

Musaiwale kuti faiba sidutsitsa magetsi. Nyali iliyonse ikhale ndi waya wake wa earth wobwerera ku chassis.

Amalume_Matero
Mphwanga, musanadule nthiti yoyamba pitani ku RTSA, bungwe loona za magalimoto ndi chitetezo cha pa msewu, mukafunse nokha zimene amafuna pa galimoto yomanga pakhomo, makamaka nyali, magalasi oonera kumbuyo, malamba ndi malo a nambala, chifukwa zonsezi zimakhudza maonekedwe a bodi. Malisiti a injini ndi mapepala a Altezza imene munaphwasulayo musunge bwino.

Mphwanu_Chelstone
Ndathokoza nonse, ndalemba zonse m'kope. Lomaliza kwa mayi: ndimafuna mtundu wakuda. Bodi ikangotuluka m'chikombole ndingapente pomwepo?

Mayi_waPenti_Kabwata
Ayi. Polyester imapitiriza kuuma ndi kukokana kwa masabata. Mukapenta msanga, tsiku loyamba kuima padzuwa maonekedwe a ulusi wa mat adzatulukira pa penti, ndipo pa yakuda ndi pamene zimaonekera kwambiri, chifukwa yakuda padzuwa la kuno imatentha mpaka dzanja osakhazikika. Bodi ikhale m'chikombole masiku awiri. Ikatuluka imangeni pa chassis, kapena muichirikize bwino kuti isagwe mphwapwa, muifunde pulasitiki yakuda, ikhale padzuwa masabata awiri. Kukokana konse kuthere pamenepo.

Kenako itsukeni ndi madzi ofunda a sopo kuchotsa PVA, mupukute ndi degreaser kuchotsa wax, ndipo muchite zimenezi musanakhudze sandipepa. Mukayamba ndi kukhula, wax imalowa m'mikwingwirima ndipo penti imadzatuluka ndi timaso ta nsomba. Yendani pa bodi yonse mukudina m'makona ndi kansonga ka mtengo kuti mphako zobisika zibooke tsopano, muzidzaze. Mizere ya pogawira chikombole muisalaze ndi 180, bodi yonse ndi 240, primer ya 2K, penti yakuda yowaza ija kachiwiri, 400 kapena 500, kenako mtundu. Ngati mungasinthe maganizo, yoyera, yasiliva kapena yachikasu imasunga faiba yozizira ndipo imabisa mafunde ang'onoang'ono. Mukaumirira yakuda, pansi pa gelcoat ya bodi muike tissue ndi mat ya 300 musanafike ku 450, ndipo masabata a padzuwa akhale atatu.